Njerwa za Mkamwini

Anthu akamati boma la Katete linakula, ine ndimangomva msana kuwawa. Sindikuphiphiritsa ayi. Msana wangawu unapindikira m'maenje a dothi a pamenepo, ndipo mpaka lero ndikafuna kuvala nsapato ndimayamba ndafuna pokhala. Ndinali woumba njerwa. Ntchitoyi ndinaiyamba chaka chimene azungu anatimanga mtolo umodzi ndi maiko awiri oyandikana nafe, nkuutcha mtolowo chitaganya, ndipo ndinaisiya chaka chimene chitaganyacho chinaphwasuka. Za ndalezo ena analemba kale. Ine ndikulemba za dothi.

Kwathu ndi kumapiri a ku Vubwi, kufupi ndi malire. Ku Katete ndinapita kukakwatira, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakhala kwao kwa mkazi. Ndinali mkamwini. Inu obadwira m'tauni mvetsani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Mkamwini amalima munda wa eni, amabereka ana a eni. Ana ndi a mbumba ya mkazi, ndipo wowayang'anira ndi mlongo wa mkaziyo, mlamu wako. Mkazi akamwalira, eni akhoza kukuthokoza nkukuuza kuti ubwerere kwanu. Akuluakulu ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mwambiwu ndinkaudziwa, ndinkaseka nawo pamowa, poti ndinkayesa ukunena anthu ena.

Mudzi wa akazi anga unali pafupi ndi msewu waukulu wochokera ku Lusaka, umene nthawi imeneyo unali wafumbi lokhalokha. Lole ikadutsa, mbuzi zinkasanduka zofiira. Boma lenilenilo linali chiyani? Timaofesi tochepa, nyumba ya bwana, mzere wa timanyumba ta amesenjala, mbendera pamtengo, ndi masitolo a amwenye cha kumsewu. Kwina konseko kunali tchire ndi zulu za chiswe, zina zazitali kuposa nyumba. Munthu ukaima pachulu chimodzi unkaona boma lonse, nkutsala ndi maso oonera mapiri a Mphangwe.

Zulu zimenezo ndizo zinatipatsa ntchito. Dothi la pachulu ndi lomata, chiswe chinalisefa kale, ndipo njerwa yake ikapsa imalira ukaigogoda. Tinkagumula chulu ndi mapiki, nkuthira madzi kuti dothi ligone. M'mawa mwake tinkaliponda ndi mapazi mpaka lifewe, kenako kuliponya m'chikombole, kusalaza pamwamba ndi dzanja, kuthamanga nacho kubwalo, kukhuthula, kubwerera. Kuwerama, kuweramuka, kuthamanga, kuwerama. Tsiku lonse, chilimwe chonse. Njerwa zaziwisi tinkaziphimba ndi udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Zikauma tinkazisanja uvuni, kuumata ndi matope, nkuusonkhera zipika masiku angapo osalola moto kufooka. Nsidze zanga zinapsa kangapo, mpaka zinaleka kumera bwino.

Ana a sukulu amaphunzira kuti nyumba yakuti inamangidwa liti. Ine ndimadziwa kuti inali chulu chiti. Chulu chachikulu cha kufupi ndi mtsinje, chimene amayi ankatcherapo inswa, chinasanduka nyumba yoweruziramo milandu. Ziwiri zoyandikana, zimene tinkati mapasa, zinapita kumaofesi ndi nyumba za makalaliki. China chinali ndi mtengo wa bwemba pamwamba, tinachidya miyezi itatu, ndipo chinakhala makalasi a sukulu. Paliponse pamene panali chulu pankatsala dzenje, dzinja likafika nkudzaza madzi, achule ndi udzudzu. Boma linkakwera, nthaka nkumatsika.

Patapita zaka zingapo, anayamba kukhoma zikhomo kuseri kwa msika, kuti munthu wakuda wofuna kukhala paboma apemphe malo amange. Kapitawo wathu, bambo wa ku Sinda amene ankandikonda chifukwa njerwa zanga sizinkabenthuka m'makona, anandiitanira pambali.

"Akulu, pitani mukalembetse malo," anatero. "Pepala likakhala m'dzina lanu, palibe mlamu angakusuntheni. Inu ndinu mkamwini, musaiwale."

Ndinafika kunyumba ndili wotentha nayo nkhaniyo. Ndinapeza akazi anga akusenda mtedza pakhonde.

"Amake mwana, tiyeni tikakhale paboma."

Sanadzutse nkomwe mutu. "Paboma tikadya mbendera? Munda uli kuno, amai ali kuno. Inu atate ake mwana, fumbi la uvuni lakulowani m'mutu."

Anali munthu woseka, mkazi ameneyo, ndipo akakana chinthu ankakana akuseka, moti unkazindikira mochedwa kuti wakanidwa. Sindinagonje. Ndinatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, ndiko kuti eni andilole kumutenga mkazi kumka naye kwina. Yankho linabwera lalifupi. Akazi anga anali mwana wamkulu wamkazi, tsinde la mbumba, ndipo tsinde silisamuka.

Pamenepo mpamene ndinapsa mtima, ndipo kupsa mtima kwanga sikukhala kwa phokoso, kumakhala kwa ntchito. Ndinati chabwino, ngati simupita kuboma, boma ndilibweretsa pakhomo pano.

M'mphepete mwa munda wa apongozi anga munali chulu chabwino zedi, chofiira, chosagundidwa ndi munthu. Ndinachigumula. Ndinkaumba ndikaweruka kuntchito ndi Loweruka masana, zilimwe ziwiri, thupi lili kale zii ndi kutopa kwa njerwa za eni ake. Akazi anga ankatunga madzi pamodzi ndi mwana wathu woyamba, wamkazi, amene panthawiyo anali atangoyamba kusenza ndowa yodzaza. Sanandiletse. Ankangoti, "Muzipuma, mudzafera m'dzenjemo."

Tsiku lina alamu anga, mlongo wamkulu wa akazi anga, mwini mbumba, anabwera kudzaima pamwamba pa dzenje. Sanali munthu woipa, ndinene zoona, ngakhale zaka zambiri ndinkawanena kuti ndi woipa. Anali wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba.

"Alamu, mukuumba za yani?"

"Zanga."

Anayang'ana dzenje, anayang'ana munda, kenako anayang'ana ine. "Nyumba ya mkamwini imakhala ya mitengo ndi udzu, alamu. Ikagwa palibe amene amalira."

Panali anthu pafupi, amayi awiri akuchokera kudimba ndi mkulu wina wa m'mudzimo. Ndikanangoti ndamva. Koma pakamwa panga! Ndinati, "Alamu, ngati mwatopa ndi kudontheredwa nenani, ndikamaliza yangayi ndidzakuumbiraninso zanu."

Amayi aja anagwira pakamwa. Alamu anangoti, "Zikomo," nkutembenuka. Mawu amenewo ndawatafuna zaka zonsezi ndipo sanafewe.

Nyumba inatha. Zipinda zitatu, khonde, chitseko cha matabwa, mawindo awiri. Mmwenye wina amene ankakuza sitolo yake anandipatsa malata akale amene anachotsa padenga, ine nkumuwotchera uvuni. M'mudzi monsemo inali nyumba yokhayo ya njerwa ndi malata, ndipo inkaonekera kumsewu. Mvula yoyamba itagwa, akazi anga anatseka makutu nkuyamba kuseka mpaka misozi. "Atate ake mwana, mwandimangira ng'oma!" Tsiku limenelo ndinakondwa, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinadzimva munthu.

Koma m'mudzi munazizira. Palibe anandinyoza pamaso. Ankangoti akamadutsa, "Moni kuboma uko." Pamaliro ankandipatsa ntchito ya kumanda monga kale, pamowa chipanda chinkandifika monga kale, koma nkhani zinkatha ndikafika. Ndinamva mphekesera kuti mkamwini wakula mwendo, wamanga nyumba yoposa ya apongozi ake, yoposa ya mwini mbumba, padothi losakhala lake. Ndinati anene, pakamwa mpawo.

Boma silinaime. Msika unafoleredwa, chigayo chinabwera, amayi nkuyamba kuiwala mtondo. Kunabwera ofesi ya zaulimi, nyumba yogona alendo, aphunzitsi, osoka zovala pamakonde a amwenye, okonza njinga pansi pa mitengo. Basi yochokera ku Fort Jameson, kumene lero tikuti Chipata, inkaima anthu nkutsika ndi masutikesi, ena osabwereranso. Kanjira ka kumudzi kwathu kanakula mpaka ngolo ziwiri nkumapatukirana. Kenako kunayamba misonkhano ya ndale, anyamata akuimba mumsewu, amesenjala akuthamanga uku ndi uku. Anthu amandifunsa kuti masiku amenewo ndinali kuti. Ndinali m'dzenje. Zulu za pafupi zinali zitatha, tinkayenda mtunda wautali kukafuna zina, ndipo ine ndinali nditayamba kuchedwa pothamanga ndi chikombole. Anyamata ankandidikira mwaulemu, ulemu umene umapweteka kuposa chipongwe.

Akazi anga anayamba kutsokomola dzinja lina. Poyamba tinati ndi chimfine. Anaonda, analeka kuseka mokweza chifukwa kuseka kunkadzutsa chifuwa. Ndinawatengera pangolo kuchipatala cha mishoni, anagonako, anabwerako, anapitanso. Anamwalira nthawi yokolola, chimanga chili m'mikukwe, chaka chomwe chitaganya chinkatha. Anandisiyira ana anayi. Wamkulu uja anali namwali tsopano, wamng'ono anali ndi zaka zitatu.

Za maliro sindilemba. Ndilemba za miyezi imene inatsatira, chifukwa ndiyo inanditopetsa kuposa njerwa zonse. Mwamuna woferedwa amakhala pamudzi kudikira tsiku limene eni adzafulule mowa womaliza maliro, anthu nkumetanso. Pa tsiku limenelo ndi pamene amamusudzula, kumumasula kuti azipita. Koma pali njira ina. Mkamwini amene eni amukonda amamuuza kuti asachoke, nkumupatsa mng'ono wa malemu kapena wachibale wina, kuti apitirize kulera ana pakhomo pomwepo. Mng'ono wa akazi anga analipo, ukwati wake unali utatha. Ine sindinkafuna mkazi wina, mtima unali usanapole. Koma ndinkafuna andifunse. Ndinkakolola, ndinkakonza nkhokwe ya apongozi, ndinkawaza nkhuni zoposa zofunika, munthu wamkulu kumadzionetsa ngati mnyamata wofunsira mbeta. Ndinkayang'ana pakamwa pa alamu tsiku ndi tsiku. Palibe chinatuluka.

Mowa unafululidwa mwezi wotentha, mvula ili pafupi. Akulu anga, amene anali nkhoswe yanga, anabwera panjinga kuchokera ku Vubwi. Tinakhala pabwalo m'mawa, amuna uku, amayi uko. Alamu anaombera m'manja nkuyamba.

"Alamu athuwa anatisungira mlongo wathu bwino. Anamudwazika, anamuika mwaulemu. Sitikuwapeza chifukwa chilichonse. Lero tawamasula. Apite akapume kwao, akapeze wina wowaphikira. Ana ali m'manja mwathu, asade nkhawa."

Mawu okoma ngati amenewo sindinawamvepo, ndipo sindifuna kuwamvanso.

Akulu anga anafunsa, "Tamva. Nanga nyumba?"

"Nyumba?" anatero alamu, mofatsa momwemo. "Njerwa zija anaumba ndi chulu cha m'munda mwa amai. Ndi dothi la pano. Dothi silipita ku Vubwi."

"Nanga thukuta la m'bale wangayu?"

"Thukuta linauma, dothi lilipo." Alamu anapitiriza. "Koma sitikufuna kudya za munthu. Malata, chitseko ndi misomali sizinamere pano. Zimenezo nzake, azule."

Ha! Zaka khumi ndakhala ndikuuza anyamata kuti njerwa ndi dothi, asankhe dothi labwino, ndipo sindinadzifunsepo kuti dothi limene ndinasankha ndi la yani. Ndikanakumba chulu cha kutchire, ndikanatuta njerwa za kuboma pangolo, mwina akulu anga akanapeza polankhulira. Ndinasankha chapafupi chifukwa chinali chabwino. Ndinaimirira pabwalo paja, mwambo ndinauiwala, ndinakuwa.

"Ndizula! Ndizula onse, ndisiya makoma okhaokha! Tione ngati dothi lanulo likufunditseni!"

Apongozi anga anaphimba nkhope ndi nsalu.

M'mawa mwake ndinapita kuboma kukafunsa za malo aja a kuseri kwa msika. Kalaliki wake anali wachinyamata, waulemu, atakhala m'chipinda cha njerwa zimene ndinazizindikira, za chulu cha mapasa. Anandiuza kuti malo onse analembedwa kalekale, ndidikire akadzakhoma zikhomo zina. Ndinayenda mumsewu wa boma kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Khoma lililonse ndinkalidziwa, ndipo panalibe limodzi limene ndikanatsamira popanda wina kundifunsa chimene ndikufuna. Ndinabwerera ndi maganizo amodzi, akuti malata ndipita nawo ku Vubwi, kaya ndikafolera khola la mbuzi, bola asatsale.

Tsiku lozula, akulu anga anabwereka ngolo ya ng'ombe kwa munthu wa mudzi wina. M'mudzi mwathu munali zii. Anthu onse anali atalawirira kuminda kukasosa, ngakhale amene sankalawira nkale lonse. Kumbali ya Mphangwe mitambo inali itayamba kusonkhana. Ndinatenga makwerero a mitengo omanga ndi luzi, ndinawatsamiritsa kukhoma, koma ankagwedera. Akulu anga anali atagwira ng'ombe, zimene sizinkafuna kuima pamalo achilendo.

Mwana wanga wamkulu anatulukira akuchokera kuchitsime. Anatula ndowa, anapukuta manja pachitenje, anabwera nkugwira makwerero ndi manja awiri.

"Kwerani, atate, ndagwira."

Sindinamuyang'ane kumaso. Ndinakwera. Ndinayamba ndi lata la kumapeto, kuzula misomali umodzi umodzi ndi hamala, nkumaiika m'thumba la malaya. Inkalira pozuka, phokoso lake nkumamveka mudzi wonse. Nditamaliza ndinanyamula latalo mbali imodzi, dzuwa nkulowa m'kati.

Chinali chipinda cha ana. Mphasa zinali zitapindidwa kale. Zofunda, miphika, dengu la ufa, zonse zinali zitaunjikidwa pakona imodzi nkuphimbidwa ndi masaka. Ana awiri apakati anali ataima pafupi ndi muluwo, chete, ngati auzidwa kuti asalire. Wamng'ono anali atakhala pamwamba pa masaka. Anakweza mutu, anatchinga maso ndi kadzanja, nkuseka.

"Atate ali kumwamba!"

Kenako ndinamva mawu a wamkulu uja kuchokera pansi, otsika, osadandaula, ngati akupempha mchere kwa mnansi.

"Atate, mukamatsitsa mutisiyireko limodzi lokha. Tiphimbire ufa."

Kalanga ine. Masiku onse aja ndikamaganiza za nyumba yopanda denga, ndinkaona alamu atakhala m'kati mvula ikuwakwapula. Koma alamu anali ndi nyumba yawo, ya udzu, yofolera bwino. Sanagonepo m'nyumba mwanga ngakhale tsiku limodzi. Mkwiyo unanditseka maso mpaka ndinaiwala amene amagona pansi pa malatawo. Ndipo mwanayo sanandiletse, sanandichonderere, anangokonzekeretsa ang'ono ake nkubwera kudzandigwirira makwerero kuti ndisagwe.

Ndinalibweza lata lija. Misomali iwiri inapindika, ndinadzimenya chala mpaka chikhadabo chinada. Akulu anga anakuwa kuchokera kungolo.

"Iwe, wapenga? Ng'ombezi tabwereka kuti zinyamule mphepo?"

Ndinakhoma msomali womaliza, ndinatsika. Pangolo tinaikapo khasu, nkhwangwa, bulangete ndi zikombole ziwiri. Ng'ombe sizinadziwe nkomwe kuti zanyamula kanthu.

Ana atatu aang'ono anatsala pakhonde. Wamkuluyo anandinyamulira kathumba ka zovala nkundiperekeza mpaka pamsewu waukulu. Pamenepo anagwada, anandipatsa kathumbako ndi manja awiri, nkunena kuti, "Muyende bwino, atate. Muzibwera kudzationa."

Ndimapita. Poyamba ndinkapita kawiri pachaka, tsopano miyendo ikalola. Mudzi uja kulibenso, boma linaumeza, ndipo nyumba ija ili pakati pa nyumba zina zazikulu kuiposa, moti mlendo sangaiyang'ane kawiri. Mwana wanga amakhala momwemo ndi ana ake ndi adzukulu. Akandiona patali amathamanga kudzandilandira chola, amanditulutsira mpando pakhonde, amandifunsa za ulendo ndi za onse kumudzi. Kenako amatuma ana kuti agwire nkhuku. Ulendo uliwonse ndimamuuza kuti asavutike, ndidya masamba omwe akudya iwowo, ndine wa pakhomo pano. Iye amaseka ngati amake, nkuti, "Aa, atate, mwayenda mtunda wonsewu." Ndipo nkhuku imaphedwa.